Tsiku limene ndinabereka zitini

Mwana wanga woyamba anabadwa pa opaleshoni kuchipatala cha pa Boma. Patangopita milungu isanu bere lakumanja linatupa, kenako lakumanzere, thupi lonse kutentha, ndipo pomwe ndimachira mkaka unali utauma. Ndinayesa zonse zimene azimayi amanena, thobwa, chinangwa chachiwisi, phala la nsinjiro, koma mwana ankayamwa pang'ono n'kulavula bere, n'kuyamba kulira kuja kosatuluka mawu. Anesi a kusikelo anatenga khadi lake nandilozera mzere ndi cholembera.

"Mzere uwu uzikwera," anatero. "Ukagona mubwere. Ukatsika muthamange."

Anati ndizimupatsa mkaka wa m'chitini mpaka akwane miyezi sikisi, akatero ayamba phala. Kuyambira tsiku limenelo khadi lija ndinkayenda nalo pachifuwa, mkati mwa bulauzi, ngati kuti ndikalisiya m'nyumba mzere utsika wokha.

Kwathu ndi ku Kapondo, sukulu ndinalekezera sitandade seveni. Bambo a mwanayu anali ku esiteti ya fodya, kumene munthu amaona ndalama fodya akagulitsidwa basi. Ine ndinkakhala pa Boma m'chipinda chimodzi ndi alamu anga, achemwali awo aakulu a amuna anga, mayi wa geni ya zitenje, wapakamwa posatseka. Ndinkachapa zovala kwa amadamu ena, aphunzitsi a kupulayimale ochokera kumwera, ndipo ganyu ameneyo ndiye ankagula mkaka. Zinkangokwanirana ndendende, osatsala ngakhale ya sopo.

M'mawa wina ndinafika pagolosale pomwe ndinkagula masiku onse, mwana kumsana, ndalama m'manja, wagolosale n'kupukusa mutu.

"Sizikukwana, mayi a mwana. Chakwera."

"Chakwera liti? Sabata yatha yomweyi?"

"Si ine ayi, ndi msonkho. Mkakawu suchokera kwa ng'ombe za kwanu ku Kapondo, umachokera kunja. Pano ukamalowa pachipata cha m'malire akuukhomera wowonjezera."

"Ndiye lipirani inuyo, si ndinu oitanitsa?"

Anaseka mpaka kugwira kauntala. "Wa lole amalipira pachipata, n'kuusenzetsa wa holoselo. Wa holoselo asenzetsa ine. Ine ndisenzetsa inu. Nanga inu musenzetsa ndani?"

Anayang'ana mwana kumsana kwanga, kuseka kuja n'kutha.

Tsiku lomwelo ndinapeza amadamu ali osangalala. Ine ndili chiweramire pabeseni, iwo ataima pakhomo ndi kapu ya tiyi, anandiuza kuti pa wailesi alengeza zotsitsa msonkho umene amadula pa malipiro a anthu apantchito. Anati dzenje lotsalalo boma likwirira ndi msonkho wa katundu wolowa kuchokera kunja, kuti akunjawo ndiwo azilipira.

"Nanga ife opanda malipiro atitsitsira chiyani, amadamu?"

Sindinafunse mwamwano ayi, ndinkafunadi kudziwa, mwina panali pena polembetsa. Iwo anayang'ana m'kapu mwawo, anayang'ana ine, analowa m'nyumba.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Ndinayamba kuchepetsa ufa wa mkaka m'botolo, madzi n'kusiya omwewo. Poyamba kasipuni kamodzi, kenako tiwiri. Ndinkaunika botolo padzuwa, n'kumadziuza kuti ndi woyerabe, ndi mkaka ndithu. Mwana ankamwa mpaka kutha, n'kumayamwabe mphira wopanda kanthu, maso ali pa ine. Mwezi wotsatira kusikelo mzere unagona.

"Mukusungunula bwanji?" anafunsa anesi.

"Momwe munanenera muja."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Kwatsala mwezi umodzi ndi masiku ochepa kuti ayambe phala. Musamugwetse pakhomo penipeni."

Madzulo ake ndinawauza alamu anga zonse. Sanandikalipire. Anati tsidya lina la malire, ku Zambia, mkaka womwewo ndi wotsikirapo, ndipo iwo akupita Loweruka kukapikula zitenje. Ndinati ine chiphaso ndilibe, pachipata sindinapondepo, ndipo ndinamva kuti akakugwira ndi katundu amalanda, mwinanso kukutsekera.

"Iwe mlamu, ndani wanena za chipata? Njira ndi ya m'minda. Mantha akowo uwasiye kuno, ndi olemera, wa kabaza angatilipiritse pawiri."

Ndinagulitsa zitenje zanga ziwiri za paukwati ndi tambala amene mayi anga anandipatsa pobwera kudzaona mwana. Loweruka m'mawa ndinasiya mwana kwa amadamu, ndi mkaka wotsala pansi pa chitini. Sindinawauze kumene ndikupita, iwonso sanafunse. Alamu anandiuza kuti nditenge chipewa cha mwana chaubweya, masokosi ake ndi shawelo. Ndinatenga, osadziwa ntchito yake.

Tinakwera kabaza, tinatsika, tinayenda m'minda ya mtedza wokumbakumba. Ndinkayembekezera kuona mpanda kapena mtsinje, koma panalibe kanthu, mizere yomweyo, nthaka yomweyo. Alamu anangoti, "Wafika kunja, mlamu, upereke moni." Wa shopu ya kumeneko anandifunsa kuti, "Mufuna vingati, amayi?" Ndinagula zitini zitatu zikuluzikulu.

Kuseri kwa shopu kuja ndi kumene ndinadziwira ntchito ya chipewa. Alamu anasanjikiza zitini ziwiri, chachitatu pambali, anazikulunga m'shawelo, pamwamba anaveka chipewa. M'masokosi anapakiramo nsanza n'kuwamangirira m'munsi kuti azilendewera m'chiuno mwanga ngati timiyendo. Anandiweramitsa, anandibereketsa, anamanga chitenje zolimba.

"Wachiwiri uyu, wabadwa wopanda opaleshoni. Afanana ndi bambo ake, mutu wouma."

"Alamu, ine sindingathe."

"Utha. Uziyenda monyang'ama, uzimugwedeza. Wina akafuna kumuona, ungoti sanatengedwe. Palibe mwamuna angayerekeze."

Kwathu khanda limene makolo ake sanalitengere kumphasa silikhudzidwa ndi munthu wogona m'banja, amati ndi wotentha, angalitsemphe n'kuyamba kutupa. Zimenezi aliyense amazidziwa, wopemphera ndi wosapemphera yemwe. Alamu zitenje zawo anazikulunga m'chiuno mkati mwa diresi, anangooneka ngati mayi wodya bwino, tinanyamuka.

Pobwerera ndinkaona chilichonse. Munthu wopalira patali, njinga yotsamira pachulu, galu wogona panjira. Zitini zinkandizizira pamsana ndipo pakaphazi kalikonse ndinkamva ngati zikugundana, ngati dziko lonse likumva. Dzuwa linali litafika pamutu pamene kanjira kathu kanatulukira pamsewu wafumbi, ndipo pamenepo, pansi pa mtengo wa mango, panakhala anthu awiri a yunifolomu, bambo wachinyamata ndi mayi wachikulire wa imvi zotulukira m'mbali mwa kapusi. Alamu anapereka moni mokweza, anafunsa za kunyumba, anadutsa. Ine ndinatsalira m'mbuyo.

"Mayi, taimani," anatero bambo uja akudzuka. "Mwana wagona bwino bwanji dzuwa lonseli? Timuone."

Dzanja lake linali litayandikira chipewa.

"Sanatengedwe, bambo."

Analibweza ngati wakhudza mbaula. "Pepani, pepani mayi. Pitani bwino."

Ndinaponya phazi limodzi, lachiwiri.

"Tabwera kuno, mwana iwe."

Anali mayi uja. Sanadzuke n'komwe pomwe anakhala.

"Ine bambo a kunyumba anatisiya kalekale, ndine wozizira ngati madzi a mumtsuko. Bwera naye, agogo ake amuone."

Ndinayang'ana kumene kunali alamu. Anali ataima patali, akumanga mpango umene sunamasuke. Ndinapita, ndinagwada chofulatira. Mayi uja sanavule chipewa. Anangopinda chala n'kugogoda pamwamba pake, ngo, ngo.

"Ameneyu akadzayamba sukulu aphunzitsi adzavutika," anatero.

Bambo uja anaseka mpaka kukhala pansi. Ine misozi inali itayamba kale, mawu akutuluka osatsatana, za opaleshoni, za bere, za mzere, za madzi amene ndinkaonjezera, zonse ndinaulula ngakhale zimene sanandifunse. Ndinapisa dzanja m'bulauzi n'kuwapatsa khadi. Analitsegula, analondola mzere ndi chala mpaka pomwe unagonera.

"Ukudziwa chimene chakugwiritsa?" anafunsa. "Ndakuona kuchokera uko. Ntchentche zikutera pachipewa, dzuwa likumuwomba, iwe manja onse ali pachifuwa. Mayi wobereka mwana dzanja limapita lokha kumbuyo."

Anali kunena zoona. Njira yonse ndinkagwira khadi.

"Mwini chipewachi ali kuti?"

"Ali pa Boma."

"Ali moyo?"

"Ali moyo, mayi."

Nkhope yawo inasintha, kuseka konse kunachoka. "Mwana ali moyo, iwe chipewa chake waveka chitini? Masokosi ake wapakira nsanza? Pamsana pake wagonekapo chinthu chosapuma? Ukumulaula mwana, iwe. Masula msanga."

Zimenezo sindinaziganizepo. Ndinkaopa kulandidwa, ndinkaopa kutsekeredwa, koma izi ayi. Ndinamasula chitenje. Iwo anatenga chipewa, anachikung'untha, anachotsa nsanza m'masokosi, anandifumbatitsa m'manja. Zitini anaziika m'jumbo momwe munali chakudya chawo chamasana.

"Senza pamutu, anthu aziona. Zitini zitatu za khanda n'zobisa? Ife tikudikira a njinga za makatoni. Tsiku lina udzadzere pachipata, udzafunse, pakamwa ulipo."

Kaya linali lamulo, kaya chinali chifundo chawo chabe, sindikudziwa, ndipo sindinabwererenso kukafunsa.

Alamu anayesa nthabwala zawo, amati ulendo wina adzandibereketsa wailesi kuti mwana azilira, koma ine sindinkamva. Mawu aja okha, ukumulaula mwana, ndiwo ankazungulira m'mutu. Wa kabaza ndinkamuuza kuti apalase, apalase, iye n'kumati mayi mukufuna tigwe? M'maganizo ndinkaona mwana atatupa, ndinkaona anthu atadzaza pakhomo pa amadamu, ndinkamvetsera ngati kukubwera maliro kuchokera kutsogolo. Chipewa ndinachifinya m'manja mpaka chinanyowa.

Pakhomo panali zii. Ndinathamanga kuzungulira nyumba, ndipo pakhonde la kuseri ndinapeza amadamu atakhala pamkeka akuchonga makope, mwana atagona pamiyendo pawo. Sanali kugwedezeka. Ndinatula jumbo, ndinamunyamula, ndinamutsina pantchafu dala. Analira mokweza, mokwiya, nkhope yonse kufiira, ine n'kukhala pansi pomwepo.

"Wapenga kodi?" anatero amadamu. "Ndavutika naye kuti agone."

Kenako anaona zitini zija, zolemba zake, fumbi la kumapazi kwanga. Anapita kukatereka madzi okha, ndipo akudikira kuti awire anati mwezi utatha anaonadi kuti malipiro awo akwererako, koma atalowa m'golosale kugula mafuta ophikira, sopo ndi nsapato za mwana wawo, anatuluka chimodzimodzi ngati kale.

"Anandipatsira kubanki, akandilandira kugolosale," anatero. "Komabe ine anayamba andipatsa. Funso lako lija ndilibe yankho lake."

Madzi atazizira ndinatsegula chitini choyamba. Ndinathira masipuni onse monga ananenera anesi, odzaza, osachotsako ngakhale kamodzi, ndipo dzanja linkafuna kubweza lokha chifukwa linali litazolowera kuba. Mwana anamwa, anasiya botolo muli kotsala pansi, anageya, anagona. Chiyambire mwezi umenewo ndinali ndisanamuonepo akusiya mkaka.

Chitini chachitatu chinatha patatsala masiku anayi kuti akwane miyezi sikisi. Masiku anayiwo amadamu anandigulira kachitini kakang'ono pagolosale pomwe paja, pa mtengo wokwera womwe uja, wagolosale n'kumati mwaona, lero mwapeza womusenzetsa. Kusikelo anesi anamukoleka, anayang'ana muvi, analemba kadontho pamwamba pa kam'mbuyo kaja, n'kulumikiza. Mzere unadzuka. Anangonditsinzinira diso limodzi n'kuitana wotsatira.

Mtengo wa mkaka sunatsikenso. Ndikalowa m'golosale muja ndimauyang'anabe pashelefu, ngakhale mwana wanga tsopano amathamangitsa nkhuku za eni ake ndipo amadya chilichonse. Zitini ziwiri ndimasungiramo mchere ndi nyemba. M'chachitatu muli chipewa chija ndi masokosi. Ndinazichapa kawiri, ndinaziyanika padzuwa, koma kumuvekanso ndinalephera, ndipo mwezi wa Juni umenewo anauthera atafunda mpango wanga kumutu.