Bulangeti la Apongozi pa Bokosi la Impresora

Ine ndine kalipentala, ndiponso ndine mkamwini. Ukalipentala ndinausankha ndekha, ukamwini unabwera ndi mkazi. Kwathu ndi ku Furancungo, koma ndinakwatira kuno ku Tsangano, kuseri kwa vila, katauni ka kuno, kumene mawaya a magetsi amathera, ndipo nyumba yanga ili pabwalo la apongozi anga aakazi. Amene sanakhalepo pachikamwini sangamvetse kuti anthu awiri angamwe madzi a chitsime chimodzi zaka ndi zaka osayang'anana kumaso. Ndikakumana nawo panjira ndimapatukira kutchire. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo ine ndili pomwepo ndikumva, kenako mwana wawoyo amatembenuka n'kundiuzanso. Ndi ulemu umenewo, ndipo sindinkaudandaula mpaka chaka chimene unandithera kachewere.

Apongoziwo anatipatsa dimba kutsetse la kumtsinje. Chaka chimenecho ndinadzala kachewere dimba lonse, mbewu yonse imene tinasunga, osasiyako ndi kathumba komwe. Ndinkathirira ndi motobomba, pampu ya injini yopopera madzi, yakale yogula kwa munthu. Nyengo yozizira ili pakati, kachewere atangoyamba maluwa, kakhosi kapulasitiki kolumikiza payipi yokoka madzi kanang'aluka. Kanthu kokwana m'dzanja limodzi. Ndinakamanga ndi mphira wa njinga, ndinasungunula ndowa yakutha n'kupakapo, koma motobomba inkangokoka mpweya n'kumalira ngati mbuzi yomangidwa. Ku vila kunalibe. Ku Ulongwe anachita kundiseka, amvekere mtundu umenewo unatha kalekale. Pamenepo kachewere wa maluwa akasowa madzi sabereka, aliyense kuno amadziwa.

Mlamu wanga, mlongo wa akazi anga, amagwira ntchito ya makompyuta ku Tete. Atamva nkhaniyi anatsika shapa, minibasi ya kuno, Loweruka atasenza katoni, m'kati mwake muli impresora. Ndi makina amene amasungunula ulusi wapulasitiki n'kumausanja mzere pamwamba pa mzere, mpaka chinthu chimene wajambula chitaima pamaso pako. Anayeza kakhosi kosweka kaja, anakajambula pa kompyuta, anaika chojambulacho pa kakhadi, n'kundiuza kuti madzulo ndikhala ndikuthirira. Alamu anga amalankhula choncho, ngati zinthu zonse za padziko zimamvera iwo.

Tinaika makinawo m'chisakasa changa chopalira matabwa, chimene chilibe chitseko. Kakhosi kanayamba bwinobwino, kenako m'mphepete munayamba kupindika, kanamatuka pa mbale yotentha imene kamakhalapo, pakati n'kung'aluka. Kachiwiri chimodzimodzi. Alamu anakanda mutu n'kunena kuti ndi mphepo, pulasitiki wake akuzizira msanga, ku Tete kotentha kuja sizichitika. Ndinawafunsa ngati sanabadwire pano pomwe, kapena ankaganiza kuti iwo atachoka Tsangano anatsikira kuchigwa. Anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa mkombero wa ulusi unali umodzi wokha ndipo unkachepa ndikuona. Lolemba anabwerera kuntchito, kundisiyira makina, kakhadi ndi malangizo. Anati ndikhome bokosi loti m'kati muzifunda, koma kabokosi ka mawaya kamene kali pansi, kamene iwo amati ubongo wa makina, kasatenthe. Chinthu chimodzi, koma chofuna kutentha kumtunda ndi kuzizira kumunsi.

Ndinatenga matabwa a paini amene ndinasungira zitseko. Galasi la kutsogolo ndinachotsa pa zenera la kuchipinda kwathu n'kutsekapo katoni, akazi anga anandifunsa ngati tsopano tizigona pabwalo kuti makina afunde. Mipata yonse ndinaitseka ndi mphira wa chubu. Nditayesa, m'kati munafundadi, pulasitiki sanapindike, koma posakhalitsa makina anayamba kupepesuka ngati munthu wochokera ku kachasu, mizere ikutsetserekera pambali. Nditagwira ubongo uja ndinachita kuthawitsa chala. Ndinaimbira alamu, iwo amvekere ndinakuuzani paja. Ndinadula foni ndisanalankhule zoipa.

Ndinaphwasula theka la bokosi n'kuyambanso. Ndinaligawa ndi thabwa kuti likhale zipinda ziwiri, chapamwamba chofunda, chapansi cha ubongo. Kumbuyo kwa chapansicho ndinaboola mabowo awiri, lina lolowera mphepo lina lotulukira. Mnzanga wina wokonza mafoni kumsika anandipatsa ventoinya ya m'kompyuta yakufa, kachinthu kozungulira kokupiza mphepo, ndinaikhomera pa bowo lotulukira. Ndinadula botolo la mafuta ophikira kuti likhale ngati khosi lolondolera mphepo pa mawaya penipeni, pa bowo linalo ndinamatapo chidutswa cha neti ya udzudzu chifukwa cha utuchi. Ndinayesa kusindikiza kanthu kakang'ono. Kanatuluka kowongoka, kolimba, ndinakaluma ndi mano osasweka. Ndinajambula mkombero wa ulusi n'kutumizira alamu, iwo anayankha kuti wotsalawo ndi wa kakhosi kamodzi basi, ukatha ndidikire mpaka ku Tete kutabwera wina.

Masiku onsewo ndinkathirira ndi zitini mizere ya kufupi ndi mtsinje. Ya kumtunda masamba anali atayamba kugwa mphwayi, maluwa akuyoyoka.

Tsiku loti ndisindikize kunacha ndi nkhungu, mwera ukuwomba wolowa m'mafupa. Ntchitoyo inali yoyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndiye sindikanakhala manja lende kuyang'ana galasi kachewere akufa. Akazi anga ankapita kumsika. Pakhomo pankatsala apongozi okha, ndipo ana a m'mudzi anali atazolowera kudzasuzumira m'chisakasa. Apongoziwo anali pakhonde pawo akusankha nyemba, atafunda bulangeti lawo lotuwa, atatipatsa msana monga mwa nthawi zonse. Ndinaitana akazi anga n'kuwauza motsitsa mawu zinthu ziwiri zoti akanene. Choyamba, munthu asatsegule galasi, makinawa amadana ndi kuzizira. Chachiwiri, mabowo a kumbuyo asatsekedwe ndi chilichonse, ndi mopumira. Anawoloka bwalo, anagwada, analankhula, ndinaona mutu wa apongozi ukugwedezeka. Sindinamve mawu ake, pakuti mkamwini saima pafupi kumvetsera. Kuchoka pamene ndinaima kufika pakhondepo ndi poti nkhuku imathamanga osapuma. Ndikanangokweza mawu pang'ono, bwenzi nkhani yonse itatha m'mpweya umodzi.

Pobwera kudimba, msana ukuwawa, ndinaona ndili patali kuti m'chisakasa muli chinthu chotuwa pamalo pa bokosi. Bulangeti linali litakuta bokosilo bwinobwino mbali zonse, kumbuyo lapindidwira pansi, m'makona mwatsamizidwa njerwa kuti mphepo isalinyamule. Pakati anali atamangapo chitenje ngati mmene amaberekera mwana. Bulangetilo ndinkalidziwa, pamudzi pano palibe wosalidziwa. Analandira ali kothawa nkhondo ku Malawi, anabwera nalo pamutu pobwerera, ndipo sabwereketsa munthu ngakhale pamaliro.

Ndinalikanganula. Fungo la pulasitiki wopsa linandilandira, matabwa akutentha ngati uvuni wa buledi, ventoinya ikungolira yopanda kopita nayo mphepo. Kakhosi kanali pa mbale pake. Kumunsi kanali kabwino kwambiri, mazinga ake ooneka bwino, koma kuyambira pakati mizere inatsetsereka n'kupanga masitepe, pamwamba pali chisa cha ulusi. Mkombero unali mbee, wopanda kanthu.

Ndinapsa mtima. Ndinatola hamala osadziwa kuti ndikufuna kumenya chiyani. Mawu anali atafika kale pakhosi, onse oipa amene ndimadziwa m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi momwe. Ndinatembenuka, ndipo ndinawaona apongozi pakhonde paja. Anali m'kachitenje kamodzi kopyapyala, atadzipinda, manja m'khwapa, tsiku lonse la mwera uja. Nkhope anailozetsa kumbali monga mwa mwambo, koma ndinaona kuti akudikira kumva ngati zayenda. Ndinazungulira kuseri kwa chisakasa n'kumenya chitsa ndi hamala mpaka mpini unathyoka.

Akazi anga atafika ndinawakokera m'nyumba n'kuwafunsa zimene ananena m'mawa. Anati anawauza amayi kuti makina amaopa kuzizira ndipo ana asatsegule. Nanga za mabowo? Anayankha kuti amayi akanamva chiyani za mabowo ndi ventoinya, anaona kuti angowasokoneza mutu. Ndiye kuti uthenga wanga anaupeta panjira ngati chimanga, n'kutaya mbali imene iwo anaiona ngati madeya. Tinakangana monong'ona, chifukwa pachikamwini ngakhale mkwiyo umayenda chonyang'ama, zipupa ndi zopyapyala ndipo zenera linali la katoni. Ndinati lero lokha ndikukawauza ndekha, mwambo ukhale pambali. Akazi anga anaima pakhomo.

"Mukawauza kuti bulangeti lawo ndi limene lapha kachewere, sadzadyanso chakudya cha m'nyumba muno mpaka kufa. Inu mukuwadziwa."

Ndinkawadziwadi. N'chifukwa chake ndinakwiya koposa.

Dzuwa lisanalowe apongozi anabwera kudzatenga bulangeti lawo. Anali atamva kulira kwa hamala, anadziwa kuti zakanika. Anaima patali, anaitana mwana wawo, ine ndili chikhalire pa benchi yopalira.

"Uwauze bambo a kuno andikhululukire," anatero. "Ndinachedwa kufunditsa. Ndinayamba ndamaliza nyemba, ndiye mphepo inali italowa kale."

Akazi anga anatembenuka n'kundibwerezera mawu onsewo, ulendo uno osasiyako ndi limodzi lomwe. Ine ndinatsika pa benchi, ndinanjuta, ndinawomba m'manja, n'kunena kuti awauze amayi zikomo kwambiri chifukwa cha chisamaliro chawo.

Ulusi wina unachedwa kufika. Alamu ankangoti mawa, mawa, sitolo sinalandire. Mizere ya kumtunda inauma ndikuiyang'ana, zitini zinapulumutsa ya m'mphepete mwa mtsinje yokha, nayonso inabereka tinthu ngati mazira a njiwa. Mbewu ya chaka chotsatira inathera pomwepo. Podikirapo ndinaganiza kuti nkhani ya bulangeti sinathe, munthu amene akuti anachedwa ulendo wina adzafulumira. Kuwaletsa sindikanatha, ndipo kutuma akazi anga ndinali nditasiya kukhulupirira. Ndiye ndinagwira ntchito yachitatu pa bokosi lija. Ndinakhoma kakhola ka timitengo kumbuyo, kotalikirako pang'ono ndi mabowo, kuti nsalu isawakhudze. Ndinaboolanso tebulo limene bokosilo linakhalapo, pansi pake penipeni, ndinalumikiza payipi yotsala ya motobomba kuti mphepo izilowera kunsi kwa tebulo n'kutulukira kunja kwa chisakasa. Kalipentala wathunthu, kuthera masiku kukonzera bulangeti njira. Pokhoma msomali uliwonse ndinkatukwana chamumtima, alamu, akazi anga, amene anapanga motobomba, ndi amene anayambitsa zoti munthu asalankhule ndi mayi amene amadya naye ndiwo za m'dimba limodzi.

Ulusi utafika, ndinayatsa makina m'mawa. Mbale isanatenthe n'komwe ndinamva mapazi pabwalo. Ndinatuluka m'chisakasa n'kukaima kuseri monga kuyenera, ndikuyang'ana pa mpata wa matabwa. Apongozi analowa ndi bulangeti lopindapinda, anafunditsa, anatsamiza njerwa, anamanga chitenje, anasisita pamwamba ndi chikhato n'kubwerera kukakhala pamphepo. Ndinaika dzanja kukamwa kwa payipi kunja kuja, mphepo inkatuluka bwinobwino.

Kakhosi kanatuluka kowongoka. Ndinakamanga pa motobomba tsiku lomwelo, ndinakoka chingwe, madzi anathamanga m'payipi n'kukatuluka kumtunda, pa mizere ya mapesi ouma. Ndinawasiya akuthira choncho kwa kanthawi, sindikudziwa chifukwa chake. Pobwerera kunyumba ndinapeza apongozi ali pabwalo ndi mwana wawo, atamva kulira kwa motobomba kuchokera kumtsinje. Nditayandikira anatembenuzira nkhope kumbali, koma chimwemwe chinkamveka m'mawu.

"Uwauze bambo a kuno," anatero, "lero sindinachedwe."