A Kireni ndi Alendo a Zipinda Zapamwamba

Dzina lawo lenileni linatsala m'mapepala a kuntchito. Kuchokera pageti la doko mpaka kumsika wa nsomba, aliyense amawadziwa kuti a Kireni, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ankakhala m'kachipinda kagalasi pamwamba pa kireni, chimakina chachitali chija chotsitsa makontena m'sitima zapamadzi. Akazi awo amati ntchito imeneyo ndi imene inawaononga pakamwa. Munthu ukamakhala wekha m'malere tsiku lonse, mawu amaunjikana m'mimba. Ndiye atapuma pantchito anayamba kuwatulutsa onse, a zaka zonsezo, kwa aliyense amene waima pafupi.

Nyumba yawo ili pamtunda, yosanja, ya masitepe khumi ndi anayi. Ana atakula n'kubalalika, zipinda ziwiri zapamwamba zinasanduka za akangaude ndi masutikesi akale. Mwana wawo wachisamba, yemwe ndi namwino, ndi amene anabwera ndi nzeru yoti muzigona anthu obwera kutchuthi. Anapaka penti yoyera, anagula mashiti ndi matawulo ofanana, ketulo ndi timakapu tinayi, n'kujambula zonsezo kuti anthu aziona pafoni. Kuseri kwa chitseko anamata pepala la zinthu zoti alendo achite mumzindamo: kusambira kugombe, kukwera boti lopita kuzilumba, kuona nyumba yosungiramo zinthu zakale, kuyenda mumsika wa nsomba.

A Kireni anawerenga pepalalo atavala magalasi awo omanga ndi kawaya.

"Nanga doko lili pati pamenepa?"

"Ababa, munthu achoke kwawo, ayende tsiku lonse, kudzaona makontena?"

"Iwe, makontena amenewo ndi amene anakuphunzitsa unamwino."

Tsiku lomwelo anatenga bolopeni n'kuwonjezera m'munsi mwa pepalalo ndi zilembo zikuluzikulu: KUONA SITIMA IKULOWA. FUNSANI PANSI.

Vuto linali lakuti sankadikira kufunsidwa. Akangomva sitima ikulira kunyanja, ankakwera masitepe, mawondo akulira ngati zitseko zakale, n'kukagogoda. Anthu ena ongokwatirana kumene anadzutsidwa sikisi koloko m'mawa kuti aone sitima ya feteleza. Mkwati anaima pawindo atadzifunditsa shiti, akuphunzitsidwa kusiyana kwa sitima ya mafuta ndi ya tirigu. Atapita, analemba ndemanga pafoni paja: nyumba ndi yaukhondo, madzi otentha alipo, koma bambo a pansi sagona.

Namwino anawawerengera bambo ake ndemangayo kawiri, kenako anaika lamulo: sitepe yoyamba ndiye malire.

"Mwamva, bambo a mwana?" anatero akazi awo akuseka. "Akutsitsani pakireni kachiwiri."

A Kireni anamvera. Kwa miyezi inayi ankangokhala pampando pakhonde. Alendo akamadutsa ankati "Mwadzuka bwanji?" n'kuluma mlomo kuti zina zisatuluke. Anaonda nazo.

Ndiye kunabwera mphunzitsi wina ndi mkazi wake, pamodzi ndi apongozi ake, mayi wachikulire amene chibadwire anali asanaonepo nyanja yamchere. Ulendowo anaukonzekera zaka ziwiri. Tsiku limene anafika, mvumbi unayamba. Lolemba mvula, Lachiwiri mvula. Boti la kuzilumba silinanyamuke, kugombe kunali mphepo yolasa m'mafupa, ndipo nyumba ya zinthu zakale ija anaimaliza ola limodzi. Pofika Lachitatu a Kireni ankangomva mapazi akuzungulira pamwamba pa mutu wawo, kuchoka pawindo kupita pabedi, kuchoka pabedi kupita pawindo. Kenako anamva mawu a munthu ndi mkazi wake, aja oyamba ndi "ndinanena ine".

Namwino anali kuntchito. A Kireni anaima m'munsi mwa masitepe nthawi yaitali, dzanja lili pachitsulo chogwirira. Akazi awo, amene ankasita mashiti pafupi pomwepo, analankhula osatukula mutu.

"Ine sindikuona kanthu. Maso angawa akalamba."

Komabe sanakwere. Anaima pamalire penipeni n'kukuwa: "Odi pamwambapo! Kodi amayiwo ali ndi nsapato zotseka?"

Anawatenga onse atatu pa minibasi mpaka kukantini ya pafupi ndi geti la doko, kumene antchito amamwera tiyi. Kantiniyo ili ndi windo lalikulu loyang'ana kumadzi. Mwini wake atangowaona anapukuta tebulo la pakona limene a Kireni ankakonda kale, n'kupukutanso galasi ndi nyuzipepala. Asanamalize kapu yoyamba, sitima inatulukira m'nkhungu, pang'onopang'ono, yosaoneka pothera.

Mayi wachikulire uja anagwira pakamwa. "Mayo ine! Mudzi wathunthu ukuyandama!"

"Musaione kukula, amayi," anatero a Kireni. "Payokha singathe kukhota. Mukuona timaboti tiwiri tili m'mbali mwaketo? Ndi timene tikuikankha ndi mphuno. Popanda timeneto, chimphona chonsechi chimagona panja."

Mayiyo anayang'anitsitsa timabotito, kenako anati, osayang'ana aliyense, "Ngati amuna."

Mwana wa mayiyo, mkazi wa mphunzitsi, anaseka mpaka tiyi kutayikira patebulo. Mphunzitsi uja anasekanso, ngakhale mochedwerako.

Apo a Kireni anatulutsa foni. Pa kireni yachitatu panali mzimayi amene iwo anamuphunzitsa ntchito asanapume. "Ndili pakantini ndi alendo anga," anamuuza. "Tawapatsa moni." Patangopita kanthawi, nyali za kireniyo zinaphethira katatu m'kati mwa mvula. Mayi wachikulire uja anaimirira, anakonza mpango wake, n'kuwomba m'manja mwaulemu kuyang'ana kumwamba.

Kuchoka pamenepo mafunso ake sanathe. Mphepo ikawomba chimakinacho sichigwa? Ukafuna kupita kuseri umatani? Kontena imene mwanyamulayo mumadziwa muli chiyani? Nanga mzimayiyo amuna ake anamulola bwanji? A Kireni anayankha, anayankha, mpaka mawu anasasa. Pobwerera anagona mu minibasi, kukamwa kuli yasa, mphunzitsi atawagwirira ambulera.

Namwino nkhaniyi sanaimve kwa bambo ake. Anaimva kwa mayi wachikulire uja, amene anamugwira dzanja pakhonde tsiku lonyamuka.

"Mwana wanga, nyanja ndaiona, ndi madzi basi. Koma bambo akowa uziwasamala."

Alendo atapita, anatembenukira bambo ake. "Ababa, munakwera?"

"Funsa mayi ako."

"Sanakwere," anatero mayi ake. "Anangokuwa mpaka aneba kubwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta."

Namwino anayesetsa kukwinya nkhope koma zinakanika. Lamulo linasintha pang'ono: kukwera kukagogoda kunaloledwa, koma eyiti koloko isanakwane, ayi; kwa ongokwatirana kumene, ayi ngakhale pang'ono.

Chaka chino mawondo aja afika poti minibasi sakweranso bwino. Ulendo wa kudoko watsala wa Loweruka lokha, namwino akakhala kuti akupuma, ndipo amawatenga ndi alendo awo pa galimoto yake. Poyamba ankawasiya pageti iye n'kupita kumsika. Masiku ano amalowa nawo, n'kukhala kumapeto kwa tebulo ndi kapu yake.

Loweruka lapitali, pamaso pa alendo, anafunsa bambo ake chinthu chimene anali asanawafunsepo.

"Ababa, pamwamba paja simunkachita mantha?"

"Tsiku lililonse," anatero a Kireni.

"Nanga bwanji simunkanena?"

"Ukanagona iwe?"

Anakokera mpando pafupi ndi mwana wawoyo, alendo aja n'kuwaiwala, ndipo anayamba kumufotokozera za tsiku lawo loyamba pantchito, pamene anafika pakati pa makwerero a kireni miyendo n'kukana kupitirira.