Nyumba Imene Boma Linakaniza Kugwetsa

Amuna anga anamwalira m'nyengo yokolola, zaka zochepa itatha njala yaikulu ija, chitaganya chisanabwere. Anandisiyira mwana mmodzi wamkazi, wongoyamba kumene kufunsa mafunso osatha, ndiponso nyumba ya njerwa kufupi ndi mtsinje wa Rivirivi. Za mwanayo panalibe mkangano. Nyumbayo ndiyo inandimanga ngati mbuzi ya pachingwe.

Ine kwathu ndi ku Phalula. Ku Rivirivi ndinapita chitengwa, chifukwa amuna angawo anali achikulire kale pondikwatira, ndipo ananena poyera kuti iwo sangasiye nyumba ya njerwa n'kukagona m'kanyumba kophoma kuchikamwini. Ankainyadira nyumbayo kuposa mmene ankandinyadirira ine. Inamangidwa kalekale ndi azungu a mtengatenga, kuti apaulendo a pamachila azipumirapo. Amuna anga anali mlonda pamenepo ali mnyamata. Pamene anthu anazolowera sitima ya ku Balaka, azungu aja anangosiya kubwera, osatsanzika n'komwe, ndipo mlonda analowa m'nyumba n'kukhala mwini. Kunena zoona, sinali nyumba yoti munthu n'kuisirira. Inali ya zipinda ziwiri ndi khonde lalitali, denga la udzu, mileme kumwamba, nkhufi m'ming'alu. Nthawi ya chisanu inkazizira ngati mtsuko.

Abale a amuna anga anali Akatolika, koma makolo awo anachokera kwa Apwitikizi, ndipo mwambo umodzi sanautaye panjira. Mwini nyumba akafa, nyumba yake imagwetsedwa. Akatero m'pamene amamusudzula wamasiye, ndiye kuti kumumasula kuti abwerere kwawo, akalime, akafuna akakwatiwenso. Nyumba ikakhala ili chiimire, mkaziyo akadali wa malemu. Ine ndinali ndisanakalambe, ndinali ndi munda wondidikira ku Phalula, ndipo mtima wanga unali utanyamuka kale.

Woyendetsa zonsezi anali alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa malemu, mayi wamfupi wa fodya wa m'mphuno, amene mawu awo ankamveka kutsidya kwa mtsinje ngakhale akunong'ona. Titameta, ine ndi mwana tinasamukira m'kakhitchini ka kuseri. Alamu anati tikangotha kututa chimanga, anyamata adzagwetsa nyumba. Ndinanyika chimera cha thobwa la ogwetsawo ndi mtima wopepuka, ngakhale ndinkayesetsa kuti nkhope isaonetse.

Chimera chisanaume n'komwe, galimoto inaima pamsewu. Munatuluka mzungu wamtali wa mphuno yosupuka ndi dzuwa, ndi mesenjala wa boma wa chisoti chofiira. Mudzi wonse unayesa ndi za msonkho, ndipo amuna angapo anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito kudimba. Koma mzungu uja sanayang'ane munthu. Analunjika panyumba pathu, n'kuyamba kuizungulira. Ankagogoda njerwa ndi chala, n'kutchera khutu ngati akusankha chivwende. Anayeza khonde ndi chingwe, anasuzumira pawindo, anajambula chithunzi. Mleme utamupitirira pamutu anaseka mokondwa, ngati waona mbale wake.

Kenaka analankhula, mesenjala n'kumasulira.

"Abwana akufunsa ngati mukudziwa kuti nyumbayi ndi yakale."

"Ndikudziwa, bwana," ndinatero. "N'chifukwa chake imadontha."

Sindikhulupirira kuti mesenjala anamasulira zimenezo, chifukwa mzungu anagwedeza mutu mosangalala. Mesenjala anakonza chisoti chake n'kufotokoza. Anati boma likuyendera nyumba zakale m'dera lonse, za amishoni, za amalonda, ndi malinga a asilikali, kuti lisankhe zoyenera kusungidwa, ana a mawa adzazione. Mpaka abwana atakhala pansi ndi anzawo n'kugamula, pasapezeke munthu wochotsa njerwa ngakhale imodzi.

Alamu anali atafika, fodya ali m'manja.

"Aisunge kuti? Ainyamula?"

"Iyayi, amayi. Ikhala pompano."

"Ndiye azigonamo abwanawa?"

"Iyayi."

"Nanga azigonamo ndani?"

"Palibe."

"Tsono akuisungiranji?"

"Chifukwa ndi yakale."

Alamu anakoka fodya, n'kumuyang'ana mesenjala kuyambira kunsapato mpaka kuchisoti. "Bambo, inenso ndine wakale. Bwanji boma silikundisunga?"

Anthu anaseka, koma ine sindinaseke. Mutu wanga unali utaima. Chaka chapitacho anthu a zaumoyo, a boma lomweli, anabwera m'mudzimo n'kulamula kuti nyumba ya nkhalamba ina igwetsedwe. Chifukwa chake chinali choti ndi yakale. Lero boma lomwelo likuti yathu isagwe, chifukwa ndi yakale. Ndinayesa kuika zinthu ziwirizi pamodzi, zinakana. Galimoto ili pafupi kunyamuka ndinafunsa mokweza kuti, "Nanga ine?" Mesenjala anali atatseka kale chitseko.

Madzulo ake ndinakagwada kwa alamu. Ndinati poti aletsa ndi aboma, si ife, andisudzule basi, nyumba idzagwe pambuyo.

"Mlamu, ine sindikukuda," anatero. "Wandisamalira mlongo wanga mpaka kumanda. Koma ndikakusudzula nyumba ili chiimire, mwini wake akutsata ku Phalula. Ukadwala iwe kapena mwanayu, abale ako adzaloza ine chala. Dikira. Azungu sachedwa."

Mmene ankawadziwira azungu alamu anga, sindikudziwa.

Lamulungu ndinafunsa aphunzitsi a kutchalitchi. Iwo anakondwa kwambiri ndi zimene boma linachita. Anati kugwetsa nyumba n'zachikunja, ndipo pamaso pa Mulungu ukwati wanga unatha tsiku limene amuna anga anatsirizika. "Ndinu mfulu kale, mayi. Mukhoza kupita ngakhale mawa." Ndinatumiza mawu amenewa kwa amalume ku Phalula. Yankho linabwera lachidule: mkazi wosasudzulidwa asaponde pamudzi pawo. Choncho kutchalitchi ndinali mfulu, kwa alamu ndinali mkazi wa munthu wakufa, kwa amalume ndinali tsoka loyenda ndi miyendo, ndipo kuboma sindinali kanthu. Amati mapanga awiri avumbwitsa. Ine anga anali anayi, ndipo ndinavumbwa ndithu.

Mitengo inayamba kuphuka, anthu n'kuyamba kusosa. Ndinayenda wapansi kukafunsa kuboma, mwana ali kumsana ngakhale anali atakula. Kalaliki wina anandiuza mwaulemu kuti abwana aja apita kwawo kutchuthi, koma nkhani ya nyumba zakale ili patebulo. Ndinafunsa ngati ndingalankhule ndi mwini tebuloyo. Anati mwini wake ndi amene ali kutchuthiyo. Pobwerera ndinakumana ndi munthu wa ku Phalula, amene anandiuza kuti amalume apereka munda wanga kwa msuweni wanga kuti ayambe walimamo, poti munda sudikira boma. Ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu. Ndinali wokwiya kwambiri, koma ndinasowa woti ndimukwiyire.

Mvula yoyamba itagwa, mesenjala anabwera panjinga. Anapeza denga likudontha, madzi akutsetsereka pakhoma, ndipo anakalipa. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Anati khoma likagwa, mudzi wonse ukayankha mlandu. Amuna a m'mudzimo anayang'ana pansi. Kugwetsa nyumba ya malemu analetsedwa, koma kufolera nyumba ya malemu sakanayerekeza, chifukwa kutero n'kumuuza wakufa kuti abwerere. Mesenjala anatembenukira kwa ine. "Inu si mwini nyumba?"

Ndinafuna kuseka. Miyezi yonseyi palibe anandifunsa kanthu, lero ndasanduka mwini.

Ndinapempha udzu wotsala kwa anzanga, ndinasenda luzi, n'kukwera padenga ndekha. Mkazi padenga chinali chinthu chachilendo, ndipo anthu anabwera kudzaonerera ngati kwabwera gule. Alamu anaima pansi, manja ali m'chiuno, akufuula kuti ndikuchititsa manyazi mtundu, kenaka n'kumandiuza mbali imene ndasiya mpata. Ndinafolera mokhota, koma linasiya kudontha.

Kakhitchini kaja sikanapirire mvula ya chaka chimenecho. Mbali imodzi itagumuka, ndinanyamula mphasa ndi mwana n'kulowanso m'nyumba ya njerwa. Alamu anatsegula pakamwa kuti aletse, koma anakumbukira chisoti chofiira, n'kutseka. Ndinkayembekeza kuti ndichita mantha. Sindinachite. Ndinafukiza utsi mpaka mileme inasamuka. Ndinamata ming'alu, ndinazira pansi ndi dothi lakuda la kudambo, ndinapaka makoma dothi loyera. Amuna anga ali moyo sankalola kuti ndisunthe ngakhale mpando, poti azungu anausiya pamenepo. Tsopano ndinausuntha, n'kuyala mphasa yanga pamene dzuwa la m'mawa limalowera. Ndinabzala maungu ndi tsabola m'mbali mwa khonde, ndipo alamu anandigawira kachigawo ka munda wawo. Mwana wanga anasandutsa khonde lija bwalo lake la masanje.

Anthu a m'midzi ina anamva kuti ku Rivirivi kuli nyumba imene boma likuifuna, ndipo ankapatuka kudzaiona. Ankaizungulira monga anachitira mzungu uja, ena n'kugogoda njerwa, kenaka n'kundifunsa motsitsa mawu ngati pansi pake anakwirirapo chuma. Ndikati iyayi, ankachoka okhumudwa, akundiyang'ana ngati ndikubisa. Nanenso masiku ena ndinkaiyang'anitsitsa, kufuna kuona chimene mzungu anaona. Ndinkangoona njerwa.

Apa ndi pamene ndimasokonekera mpaka lero. M'mawa uliwonse ndinkapemphera kuti boma liyankhe, nyumba igwe, ndizipita kwathu. Ndikamaliza kupemphera ndinkatenga tsache n'kusesa pakhonde, ndikuyimba. Chibadwire ndinali ndisanakhalepo ndi chitseko choti nditseke ndi kutsegula mmene ndafunira. Ndinaikonda nyumba ija, ndipo ndinkachita nazo manyazi.

Tinakolola, tinatuta, udzu unauma. Tsiku lina mesenjala anatulukira panjinga yake, ali yekha. Anapempha madzi akumwa, anayamikira denga, kenaka anati abwana akhala pansi ndipo agamula. Nyumba yathu sili m'gulu la zosungidwa.

"Yalakwa chiyani?" anafunsa alamu.

"Akuti afufuza, apeza kuti simunagonepo munthu wodziwika."

Alamu anakoka fodya. Kenaka anati, "Mlongo wanga wagonamo kuyambira ali mnyamata mpaka imvi. Mudzi wonse ukumudziwa."

"Ine ndangotumidwa, amayi."

"Ndiye tigwetse?"

"Zimenezo ndi zanu. Boma lilibe nazo kanthu."

Anakwera njinga n'kumapita. Alamu anandigwira paphewa. "Nyika chimera, mlamu. Wamasuka."

Ndinanyika. Tsiku litakwana anyamata anabwera m'mamawa ndi makasu ndi mitengo. Anayamba ndi denga langa lokhota lija, kulikokera pansi akuseka mafoleredwe anga. Njerwa zinali zolimba, zinawatulutsa thukuta, koma dzuwa lisanafike pamutu khoma loyamba linagwa, ndipo ndinaona mkati monse muli poyera, dothi loyera lija, pansi pamene ndinazira masiku apitawo. Ndinali ndikugawa thobwa. Chikho chinandipulumuka, ndipo ndinayamba kulira mokweza, kulira kumene sindinalire ngakhale pamaliro. Amayi anandizungulira akundisisita. Wina anati, "Onani chikondi, chaka chatha koma akuwalirabe amuna awo." Sindinawatsutse.

Masana alamu anandisudzula pamaso pa nthumwi ya amalume. Anagwira manja anga onse awiri n'kunena kuti alibe nane mangawa, ndipite ndi mtendere, ndikapeza mwamuna ndikwatiwe. Mawu amene ndinawadikira nthawi yonseyi anatha msanga, fodya asanatsike m'mphuno. Kumbuyo kwathu anthu anali atayamba kale kutola njerwa, wina za mafuwa, wina za khola la nkhumba. Maungu anga anali atapondedwapondedwa.

M'mawa mwake ndinasenza mtolo, n'kugwira mwana padzanja. Munda wa ku Phalula unali ndi mapesi a msuweni wanga, ndipo ndinkadziwa kuti kukaulanda ikakhala nkhani ina. Titafika pamsewu mwana anaima.

"Amayi, tikupita kuti?"

"Kwathu."

Anacheuka, n'kuyang'ana mulu wa dothi ndi njerwa zosweka, pamene ana anzake anali atakwera kale pamwamba.

"Nanga kwathu si uko?"

Ndinamukoka dzanja mwamphamvu kuposa mmene ndinayenera, n'kumuuza kuti ayende, dzuwa likukwera. Lero mwanayo ali ndi zidzukulu zake, koma funso lake lija sindinamuyankhebe.