Maginito a Tawonga ndi ngowe za kubutchala

Loweruka lapitali ndinakwera bwato koyamba m'moyo wanga, ine mwana wa ku Edingeni amene madzi akuya ndimangowadziwira pa dibi la ng'ombe. Musaseke. Ndinakwera pa damu la Luwawa, manja onse awiri ali gwa pa thabwa, koma mtima uli m'malo, chifukwa amene anapanga zitsulo za bwatolo ndi mwana wanga Tawonga.

Tawonga amawotcherera zitsulo pa boma la Mzimba pano. Ntchito yake ya masiku onse ndi ngolo, mageti ndi mafelemu a mawindo. Mvula isanayambe, kushedi kwake kunabwera a Mbewe, bambo a ku Nkhotakota amene amacheka matabwa ku Luwawa. Anali atakhoma bwato lawo, ndipo ankafuna mphanda ziwiri zokhazikapo nkhafi ndi mphete yomangirira chingwe. Chitsulo anabwera nacho okha, chonyezimira ngati galasi. Wogulitsa anachita kuwalumbirira kuti ndi sitenilesi, chitsulo chosachita dzimbiri chija.

Ine ndinali pomwepo pa benchi. Tawonga anatulutsa m'thumba maginito amene anachotsa mu sipika ya wailesi yakufa, n'kuwagunditsa pa chitsulocho. Anamatirira kuti kakaka!

"Adada, ichi n'chitsulo wamba, angochipaka pamwamba," Tawonga anawauza a Mbewe. "Chikakhalitsa m'madzi mbwenu chidyeka mkati inu osaona. Mphanda ikathyoka muli pakati pa damu, mubwerera bwanji?"

A Mbewe anapsa mtima. "Iwe, ine ndinabadwira m'bwato! A ku Mzimba mumadziwa ngolo ndi ng'ombe. Za m'madzi munaziona kuti?"

Anthu odikira ngolo zawo anaseka, ndipo zinandiwawa. Mtsikana wowotcherera pa boma pano ali ndi chuma chimodzi chokha, dzina lake. Kukana, akanati ntchito yamukanika. Kuvomera, dzimbiri likanadzamuneneza munthu atamira. Iye anangoti, "Ndapota, ndipatseni masiku atatu."

Mukudziwa kumene anapita? Kubutchala ina yomwe inatsekedwa kalekale. Anabwerako ndi ngowe zopachikira nyama, zonenepa ngati chala chachikulu. Zaka zonse zija m'magazi ndi m'madzi, koma dzimbiri olo kadontho. Maginito atawagunditsa anangogwa pansi. Anandiuza kuti maginito paokha samaliza mlandu, poti sitenilesi wina amawagwira pang'ono, koma chitsulo chowakana chomwenso chapirira magazi ndiye mboni ziwiri zakwana. Ndiye ng'ombe zomwe amatinyoza nazo zija n'zimene zinapereka chitsulo cha bwato!

Chitsulochi n'chamakani, abale. Ukachiboola mothamanga chimatentha n'kuuma, choboolera n'kubuntha. Tawonga ankapita pang'onopang'ono, akukanikiza, akudonthezera oilo. Ndodo zowotcherera anagula zakezake. Tupa ndi bulashi zinali zatsopano. Tsiku lachiwiri ndinatola tupayo kuti ndinolere chikwanje changa.

"Adada, yayi!"

Chikwanje mpaka chinagwa. Akuti tupa ikangokhudza chitsulo wamba imanyamula tizidutswa, n'kukatisiya pa sitenilesi, dzimbiri n'kuyambira pomwepo. Ine mphunzitsi wopuma, ndinakalipiridwa ngati mwana wa sitandade wani.

Tinene zoona, ife timagula ndi maso. Supuni, mpope wa madzi, foni, ngakhale mkamwini, bola chiwale. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, timaunena mwambiwu, koma pamsika timauiwala. Choipa china, luso tinaligawa ngati minda: bwato n'la akunyanja, ngolo n'ya Angoni, moto wowotcherera ndi wa amuna. Anagawa ndani? Chitsulo chimafunsa kuti kwanu n'kuti?

Loweruka lija a Mbewe anachita kutiitana. Dzinja lonse linali litadutsa bwato lili pamadzi. Popereka ntchito, Tawonga anamangirira kachidutswa ka chitsulo chawo chonyezimira chija pambali pa mphete. Tinakapeza katafiira, kakuyoyoka ukakakanda ndi chikhadabo. Mphanda ndi mphete zili mbee, ngati zapangidwa dzulo.

A Mbewe anavula chipewa pamaso pa anzawo ocheka matabwa. "Yewo chomene, mayi," anamuthokoza Tawonga, Chitumbuka chawo chopotoka, koma ine chinandikomera kuposa nyimbo. Ndinanyada, ndisakubisireni. Mantha a madzi onse anathera pomwepo.

Tili pakati pa damu a Mbewe anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, mwanayu munamuphunzitsa bwino."

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma tsiku limene Tawonga ananena kuti akufuna kukaphunzira zowotcherera, ndine ndinamuuza kuti akufuna kundichititsa manyazi, ndipo ndinatha mwezi osamuyankhula. Tawonga anali akundiyang'ana, nkhafi ili m'manja. Mwana woyenda ndi maginito m'thumba sungadzipake utoto pamaso pake.

"Ayi, a Mbewe," ndinatero. "Ine ndinkamuletsa."

Nanga inu, wanu mukumuletsa chiyani?