Chitenge Pamphuno pa Motoka ya Mkwatibwi

Tinanyamuka ku komboni ya George dzuwa litayamba kale kuluma, Loweruka lina mu Okutobala, kuperekeza mng'ono wanga Esinati ku ukwati wake ku Mtendere. Chaka chimenecho unga wa nsima unkakwera mtengo ngati ukuthawa munthu, choncho za motoka yolipira sitinaziganizire n'komwe. Ba Mabvuto, makanika, msuweni wa mkwati, anabweretsa yawo: yofiira, ya zitseko ziwiri, mimba pafupifupi kukhudza pansi. Anaipangira mpikisano, osati maenje akwathu.

Abusa anali atachenjeza kuti dzuwa likafika pamutu akupita kumanda kukaika maliro. Tikachedwa, ukwati udikira Loweruka lina. Nkhuku tinali titaphika kale, magetsi kulibe, ndipo zogulira zina panalibe.

Mkangano unayamba tisanakwere. Pansi pa bampa panali chitsulo chamizeremizere ngati kumbuyo kwa firiji. Ba Tisa, mlongo wa atate athu, anachiyang'ana n'kukwinya nkhope.

"Mwana wanga sangayende ku chalichi na motoka ya meno panja. Amake Taonga, leta chitenge," anatero akundiyang'ana ine.

"Ba anti, iyo ni intakula," anatero ba Mabvuto. "Tabo ikamakankha mphepo mu injini, mphepo ija imapya. Ichi ndiye chimaiziziritsa. Chenze pamwamba pa injini, chenze kuphikika, ndiye ninachiika kutsogolo kuti chizimenyedwa na mphepo. Kumbuyo kwake kuli rediyeta. Mukaphimba apa, vonse viwiri sivipuma."

"Ukwati ni wa Esinati kapena wa intakula?"

Mwamuna wa kuchimuna satsutsana ndi azakhali a mkwatibwi tsiku lotere. Ndinamanga ndekha chitenge chija ndi mapini, maluwa a pepala pamwamba. Tinadzipanikiza m'katimo: ba anti kutsogolo, ine kumbuyo ndi Taonga wanga pamiyendo, pambali panga Esinati wozyolika, amene mwambo sumulola kulankhula.

Mpaka ku Matero tinayenda ngati kamba, kuzemba maenje. Pafupi ndi msika tinalowa mumzere wa motoka zodikira petulo. Kamuvi koonetsa kutentha kwa injini kanayamba kukwera. Ba Mabvuto anatsegula hita kuti ichotseko moto ku injini, moto wonsewo n'kubwera kwa ife. Taonga anayamba kulira. Ufa wodzola wa kumaso kwa Esinati unayamba kutsika m'khosi.

Titatuluka m'tauni, msewu unatseguka, koma motoka ya mpikisano ija inalibe mphamvu. Minibasi yodzaza inatipitirira, kondakitala atatulutsa mutu, akuloza mkwatibwi.

"Ba bosi, kwezani ba bwinga muno, teni kwacha chabe. Yeve mwana ni mahala, salipira."

Ku Kalingalinga ba Mabvuto anaimitsa pambali, pamene ena amagulitsa mipando ndi mageti, n'kuzimitsa injini.

"Nikapitiriza, izaphulika. Ba anti, nichotse chitenge?"

"Usagwire."

Ndinatsika kukagula vitumbuwa ndi madzi ozizira a m'pulasitiki. Mayi wogulitsayo anayang'ana motokayo, n'kuyang'ana mthunzi wanga, umene unali utafupika kale.

"Imwe amake mwana, mbaula mukaitseka vibowo, makala yamayaka?"

Ine ndine munthu wopirira. Ndinapirira hita, ndinapirira kulira kwa mwana. Koma ndinaganiza za nkhuku zija. Ndinam'patsira Taonga kwa ba anti pawindo, kuti manja awo atanganidwe, n'kukagwada kutsogolo kuchotsa mapini.

"Iwe, motoka izafika maliseche?"

"Izavala pakona, ba anti. Na imwe duku yabwino mumamangira pageti."

Anatsegula pakamwa, koma Taonga anawagwira mlomo. Pansi pa nsalu yomuphimba kumaso ndinamva Esinati akuseka chapansipansi.

Injini itapuma pang'ono tinanyamuka, mphepo ikulowa momasuka. Kamuvi kanatsika, ndipo motokayo inakumbukira kuti ndi ya mpikisano, mpaka ba anti anayamba kupemphera mokweza. Titalowa mu Mtendere, chalichi chikuonekera, tinaima. Ndinamanganso chitenge ndi maluwa ake, n'kulowa pang'onopang'ono, hutala ikulira.

Abusa tinawapeza pakhomo, buku la nyimbo za maliro lili kale m'khwapa. Anatiyang'ana, n'kubwerera m'kati.

Ndinaphunzira kuti chinthu chopuma sachiphimba pamphuno, kaya ndi mwana, mbaula kapena motoka. Ba anti sanaphunzire kanthu. Pachakudya ndinawamva akuuza apongozi a Esinati, fupa la nkhuku m'manja, kuti chikhala kuti si chitenge chawo, motoka ija ikanatichititsa manyazi.