Ndinawoletsa ziboda za nkhosa ya apongozi anga

Inu owerenga, ine ndinachititsa manyazi nkhalamba yomwe inandipatsa mwana wake kuti akhale mkazi wanga, ndipo ndinatero chifukwa cha phuma ndi makani. Ndalemba izi kuti wina amene wamva za ulimi wa ziweto wopanda mankhwala, mtima n'kuyamba kumuthamanga monga unkachitira wanga, ayambe wamva zomwe zinandigwera.

Kwathu ndi ku Machinga, koma ndakhalitsa ku Mzuzu, komwe ndimagulitsa zipangizo za njinga mumsika. Malonda amenewa ndi odikira munthu uli chikhalire, ndipo ine kukhala pansi kumandiyabwa. Ndinayesapo usipa, kaunjika, ngakhale mbaula. Chilichonse ndimachiyamba ndi moto n'kuchisiya chisanapse. Mkazi wanga amati ndikanakhala nkhuku, bwenzi ndikuthawa mazira asanaswe.

Tsiku lina kasitomala wanga, yemwe ali ndi malo ogona alendo, anandiuza kuti alendo ake amafunsa nyama ya oganiki, ya ziweto zoleredwa mwachilengedwe, ndipo saumira polipira. Sabata yonseyo mutu wanga unali pa nkhosa. Ndinkaonera pa foni alimi akunja akuyenda m'msipu wobiriwira, koma palibe kanema yemwe ndinamuonera mpaka kumapeto. Ndinangotolapo chimodzi, choti mankhwala ayi, basi n'kudziyesa katswiri.

Ndinatapa mpamba wa okala yanga ya mumsika ija, n'kubwereka malo cha ku Kaning'ina kufupi ndi nkhalango. Ndinapita kumudzi kukagula nkhosa zingapo ndi ng'ombe ziwiri zamphongo zoti ndinenepetse. Khola ndinamanga monga timamangira kwathu, lapansi, lotchinga ndi mitengo, denga lake longoyerekeza. Kwathu ndowe timazisiya m'khola momwemo kuti ziunjikane, dzuwa limaziumitsa, ndipo pakutha pa chaka umafukula manyowa abwino. Ine ndinali nditawerengera kale kuti manyowawo ndidzagulitsa kwa olima masamba m'madambo, choncho khola sindinkalisesa.

Apa m'pamene apongozi anga aamuna analowerera. Iwo ndi telala wakale wa ku Salisbury Lines, mu Mzuzu momwemuno, munthu wofatsa, ndipo maso anali atayamba kale kuwavuta polowetsa ulusi m'singano. Ife ndife Asilamu, ndipo pa Idi ya nsembe amene angathe amazinga chiweto n'kugawira abale, anansi ndi osauka. Apongozi anga, ndi ukalamba wonsewo, anali asanathepo kupereka nsembe yawoyawo. Atamva kuti mkamwini wayamba kuweta, anandipatsa kandalama komwe anasunga kwa nthawi yaitali kuti ndiwagulire kankhosa kamphongo, ndikalere mpaka Idi. Anandikumbutsa mwaulemu kuti chiweto cha nsembe chimafunika changwiro, chosatsimphina, chosadwala, chosaonda. Ine ndinaseka, n'kuwauza kuti nkhosa yawo idzaposa zonse mu Mzuzu muno, chifukwa singano ya dokotala sidzaikhudza.

Miyezi yoyamba zinkandiyendera. Nkhosayo inakula, inali yoyera ya mutu wakuda, ndipo ndinkaijambula n'kumatumizira aliyense. Koma ndinaiwala kuti mvula ya ku Mzuzu sidziwa kutsanzika. Kwathu anthu atakolola n'kuyamba kuwotcha njerwa, kuno kunali kukuwazabe, m'mawa chifunga, masana mvula yowaza, dzuwa longosuzumira. Ndowe zanga zija sizinaume. Zinasanduka phala lofika m'akakolo, ndipo ziweto zinkagona ndi kudzuka mmenemo.

Yoyamba kutsimphina inali nkhosa yaikazi. Ndinati yaponda minga. Kenako ina, kenako inanso, ndipo m'khola munayamba kumveka fungo lina losakhala la ndowe, fungo la chinthu chowola. Ng'ombe nazo zinadzaza nkhupakupa, popeza dibi ndinali nditaikana, nthiti n'kuyamba kuoneka.

Mlangizi wa ziweto, mayi wina wa konkuno, anabwera kudzaona ng'ombe yamkaka ya mnansi wanga, ndipo fungolo linamukokera kwanga. Ananyamula phazi la nkhosa imodzi n'kundionetsa pakati pa ziboda, pomwe panali posupuka, ponyowa ndi ponunkha. Anati ziboda zikuwola chifukwa cha matope, matendawa ndi opatsirana, ndipo ndiyenera kupatula zodwala, kuzisamutsira pouma ndi kuzibaya jakisoni. Nditamuuza monyada kuti ine ndimaweta za oganiki, anatsutsa pomwepo.

"Adada, yayi, si mmene zimakhalira," anatero. "Oweta mwachilengedwe amalimbikira chomene kuti chiweto chisadwale. Koma chikadwala amachiza. Palibe amene amangochionerera chikuwola."

Ndinamuthokoza ndi yewo wapakamwa chabe, mumtima ndikuti akufuna andigulitse mankhwala ake. Inu owerenga, apa m'pamene ndikanabwerera, pakuti nkhosa ya apongozi inali isanagwidwe. Koma ndinkaopa kuti jakisoni mmodzi andilanda dzina la oganiki, dzina lomwe palibe ndi mmodzi yemwe anali atandipatsa.

M'malo mwake ndinayamba kuthamangathamanga. Lero ndithire phulusa pa zibodazo, mawa madzi a nimu, mkuja mchere, tsiku linalo fodya wonyika. Palibe chomwe ndinachipatsa masiku oti ndione ngati chikugwira. Okala ndinkatsegula n'kutsekanso dzuwa lisanafike pamutu, ulendo wa ku Kaning'ina, kukafika n'kungozungulira khola, kubwereranso mumsika. Nkhosa ya apongozi itayamba kukweza mwendo wakutsogolo, mkazi wanga anandichonderera kuti ndikawauze bambo ake nthawi ikadalipo. Ndinkangoti mawa, ndikuyembekeza kuti ndidzadzuka tsiku lina n'kuipeza ikudumpha.

Kutatsala masiku ochepa kuti Idi ifike, apongozi anatulukira ku khola pa njinga ya kabaza, osandiuza, atavala mkanjo wawo woyera. Anapeza nkhosa yawo ikudya udzu itagwada ndi maondo akutsogolo, chifukwa mapazi sinkathanso kuwapondetsa. Anapinda mkanjo, analowa m'matopemo, ananyamula phazi lake n'kuliyandikiza kumaso. Chiboda chimodzi chinali chitayamba kusiyana ndi mnofu. Analibweza pansi pang'onopang'ono, n'kuisisita pamutu.

Ine pakamwa panangoti mbwembwembwe. Ndinati ndiitana mlangizi uja tsiku lomwelo, koma tonse tinkadziwa kuti chiboda sichimera m'masiku atatu, ndiponso nyama ya chiweto chongobayidwa kumene jakisoni sidyedwa. Ndinati ndiwagulira ina, pamene ndalama zanga zonse zinali zitagwada m'khola momwemo. Ndinati ndikongola kwa anzanga mumsika tigule ngakhale mbuzi. Anapukusa mutu, n'kunena kuti safuna kuti mwana wawo alowe m'ngongole chifukwa cha nsembe yawo.

"Ichiritseni, akamwini, ikumva kuwawa," anatero. "Mukatha mundiperekeze. Pali anthu omwe ndinawauza kuti chaka chino nyama ichokera kwanga."

Inu owerenga, sindinkadziwa kuti nkhalambayo inali itayenda kale khomo ndi khomo kuitana anthu, m'masiku omwe ine ndinkangoti mawa aja. Ndinapempha kuti ndikapepese ndekha, koma anakana, ati amene anaitana ndiye akabweze mawu. Tinayenda madzulo amenewo m'tinjira tamatope ta Salisbury Lines, iwo patsogolo ine pambuyo. Tinafika kwa mayi wamasiye wa ana ambiri, kwa mnzawo wa kumzikiti wopuwala mwendo, kwa banja lina lachikhristu lomwe limawathandiza kutunga madzi. Paliponse ankaodira, kupereka moni wonse bwinobwino, kenako n'kunena kuti nkhosa yawo yadwala, asadikire. Palibe khomo limene anatchula dzina langa. Bambo wina atafunsa kuti ankaisunga ndani, iwo anangoyankha kuti matenda a ziweto achuluka ndi mvulayi. Ndinalakalaka akanandilalatira pamaso pa anthu onsewo, mwina bwenzi mtima utapepukako.

Mlangizi uja anabweradi, ndipo sanandinyoze. Ndinamanga khola la m'mwamba ndi zigwagwa, matabwa otsala pocheka aja, kuti ndowe zizigwera pansi. Nkhosa zina zinafa, zina zinachira. Ng'ombe ndinagulitsa kwa abutchala zili zoonda, pamtengo wochititsa manyazi. Kasitomala wa malo ogona alendo uja sanagule ndi mwendo womwe, ndipo mashelefu a okala yanga mpaka lero ali ndi mipata. Nkhosa ya apongozi ili moyo, koma chiboda chinamera chopindika ndipo imatsimphinabe, kotero pa nsembe siyenera. Iwo maso afooka kwambiri tsopano, makina osokera anawaphimba ndi nsalu, ndipo alibenso popezera ndalama ya nkhosa ina. Ndikuyesetsa kuti ndiwagulire, koma ndikawaona akuyenda mopapasa khoma ndimachita mantha kuti mwina ndichedwa.

Choncho inu amene mukufuna kuweta mwachilengedwe, ulimiwo si woipa, woipa ndinali ine. Koma dziwani kuti ndi ntchito yambiri kuposa ya jakisoni. Khola likhale louma, lisesedwe, ndowe zikawolere kwina. Sinthani podyetsera, yang'anani mapazi a ziweto kawirikawiri, ndipo musatengere zakwanu kudera la mvula ina osafunsa eni dera. Musathire mpamba wonse pa msika womwe mwangoumva pakamwa pa munthu mmodzi. Chiweto chikadwala chichizeni, dzina la oganiki lidzabwera pambuyo. Ndipo ngati chiwetocho n'cha munthu wina, kamuuzeni tsiku lomwe chayamba kutsimphina, ngakhale manyazi akugwireni chotani. Ine ndikanatero, apongozi anga sakanapita kukaitana anthu.