Mayi Effie Mailosi ndi Ana a Maloja

Mayi Effie Mailosi anabadwira ku Dedza mu 1937. Anakula amasiye, ndipo kuwerenga anaphunzirira m'buku la nyimbo. Mu 1968 anatsatira amuna awo, bambo Yosiya, kuno ku Salisbury, atabereka mwana wawo mmodzi yekhayo, Rebeka, wa chaka chimodzi.

Bambo Yosiya ankagwira ntchito ya zitsulo ku Workington, koma kanselo inawakaniza nyumba. Anakhala maloja, alendi m'nyumba ya eni, ku Tafara, m'kakhitchini ka mkulu wina wa mpingo wathu uno. Dzina lake andiletsa kulemba. Poti maloja osalembetsa ankathamangitsidwa, mkuluyo anakhoma zenera ndi masaka nati, "Mwana asatuluke, asamvekenso." Mayi Effie ankaphikira pa mbaula momwemo, chitseko chotseka, pansi pali chinyontho, mwana akupuma utsi tsiku lonse.

Mu Juni Rebeka anayamba kutsokomola, nthiti zikulowa m'kati. Ku kiliniki anafuna khadi la nyumba. Mayi Effie anabwerera kukagwada pakhomo pa mkuluyo.

"Bambo, ndibwerekeniko khadi. Ndikanena kuti ndi mdzukulu wanu."

"Iwe, ndiname ine, mkulu wa mpingo? Kapemphere."

Anapempheradi. Lachitatu chibayo chinamutenga mwanayo. Kulira anawaletsa, ndipo mtembo unatuluka m'dengu la zochapa.

Ine ndikanayatsa nyumbayo. Iwo Lamulungu lotsatira analandira mgonero m'manja mwa mkulu yemweyo.

Mwana wina sanaberekenso. Atapatsidwa nyumba yawo mu 1972, anayamba kuyenda m'zipinda za maloja atavala yunifomu ya Chigwirizano, yomwe apolisi a kanselo sankaifunsa zambiri. Ankakanganula masaka pamazenera, kutulutsa mbaula, kuyanika mabulangete. Ankati, "Kuzizira mufunda, utsi simungaufunde." Mwana akamapuma mofulumira ankamubereka okha n'kupita naye ku kiliniki ndi khadi lawo. Nesi wina anawaseka: "Ambuya, ana anuwa mumabereka mwezi uliwonse?" Anayankha, "Mulungu wandikomera mtima, sisita." Eni nyumba ankawatcha atengesi, kapena kuti ogulitsa anthu, dzina loti m'masiku ankhondo ano limaphetsa. Kawiri anawaswera magalasi. Sanadandaule.

Chaka chino cha 1979 chifuwa chinawagoneka. Lachinayi amayi a Chigwirizano anawaimbira nyimbo, iwo akutsatira ndi milomo. Kenako anagwira dzanja la mayi Martina, mtsogoleri wawo.

"Kwa Tecla, kuseri kwa bucha, khanda likupuma moipa. Khadi lili m'Baibulomo. Mupite lero."

"Tipita, mayi, pumulani."

Anamwetulira, natseka maso, napita mwamtendere.

Tinawaika Loweruka ndi kwaya zitatu, ndipo alaliki anatiuza kuti titengere chitsanzo chawo. Tonse tinavomera mokweza. Kwa Tecla tinafikako Lolemba, khadi lili m'manja. Tinapeza akuchapa thewera lomaliza, mwana atamuika dzulo lake.